Mbiri ya Orton Chirwa, Loya Amene Anaweruzidwa Popanda Womuimira

Inu akatekumeni okondedwa, mwaphunzira kale kuti lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu limaletsa umboni wonama. Lamulo limeneli silinena za mboni yokha ai. Limakhudzanso mfumu yokhala pampando, nduna zofunsa mafunso, ndi khamu lonse lokhala pansi pa mtengo wa kacere kumvera mlandu. Pamudzi milandu siisowa: ng'ombe zadya cimanga ca mnansi, malire a dimba asunthidwa usiku, mkazi wamasiye walandidwa munda. Munthu wolakwiridwa ali ndi njira ziwiri, kutenga nkhwangwa kapena kupita ku bwalo. Iye amasankha bwalo pokhapokha akakhulupirira kuti kumeneko akamumvera, ndi kuti woweruza sadzayang'ana nkhope kapena thumba la munthu.

Tsono mverani mbiri ya munthu wina wa m'dziko la anansi athu la Malawi, dzina lao Orton Chirwa. Iwowa sali m'gulu la oyera a Eklezia, ndipo mbiri yao ili ndi zokoma ndi zolakwa zomwe. Tikuiika pamaso panu cifukwa moyo wao wonse unazungulira pa mabwalo a milandu. Anaphunzira malamulo, anakhala nduna yoyang'anira makhoti, ndipo pomalizira anaimirira okha m'bwalo limene linakana kumva mboni zao.

1. Kubadwa ndi maphunziro

Orton Edgar Ching'oli Chirwa anabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay, pakati pa Atonga a m'mbali mwa nyanja. Masiku amenewo dzikolo linkatchedwa Nyasaland ndipo linkalamulidwa ndi Angerezi. Bwana DC ndiye anali wolamula boma, wosonkhetsa msonkho, ndiponso woweruza milandu ikuluikulu ya m'dera lake. Agogo anu kuno ku Angónia anaona zofanana ndi zimenezi pa nthawi ya Apwitikizi, pamene mkulu wa boma yemweyo ankatumiza anthu ku cibalo, ankamva madandaulo ao, nalamulanso kuti amenyedwe mbalamatodya. Lamulo losiyanitsa anthu akuda ndi azungu pa za milandu linathetsedwa kuno m'caka ca 1961. Kodi munthu akadakadandaula kwa yani, poti womulakwira ndi womuweruza anali munthu mmodzi?

A Chirwa anali ndi mutu wa sukulu. Anapita ku South Africa kukaphunzira pa yunivesite ya Fort Hare, kumene atsogoleri ambiri a mu Afrika anaphunzirako. Atabwerako anaphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ku Domasi, pafupi ndi Zomba. M'caka ca 1951 anakwatira Mai Vera, amene pambuyo pake anadzakhala mkazi woyamba wa ku Malawi kukhala loya. Pa nthawiyo Angerezi ankakonza zolumikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'citaganya cimodzi, ndipo a Chirwa anali mmodzi wa ophunzira amene anatsutsa poyera maganizo amenewa. Citaganyaco cinakhazikitsidwabe m'caka ca 1953, anthu akuda asanafunsidwe.

Pamenepo iwo anaona kuti mtundu wopanda anthu odziwa malamulo uli ngati munthu wolowa m'thengo usiku wopanda muuni. Cotero anapita ku London, naphunzira malamulo pa Lincoln's Inn, ndipo m'caka ca 1958 analandiridwa kukhala loya. Anabwerera kwao ali loya woyamba wakuda m'dziko lonse la Nyasaland. Taganizani cimwemwe ca anthu wamba pomva kuti tsopano alipo mwana wao amene angathe kuimirira pamaso pa woweruza wacizungu, kufunsa mboni za boma mafunso, ndi kutsegula buku la malamulo pa tsamba loyenera.

2. Woweruza amene sanakondere boma lake

Pa 3 Marici 1959 boma la Angerezi linalengeza kuti zinthu zafika poopsa m'dziko. Linati atsogoleri a cipani ca Congress apangana zopha azungu. Anthu oposa 1,000 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, Dr Hastings Kamuzu Banda anatumizidwa ku ndende ya ku Gwelo, ndipo tsiku lomwelo asilikali anaombera khamu la anthu pa doko la Nkhata Bay, kwao kwa a Chirwa, nafapo anthu osacepera 20. A Chirwa ndi akazi ao nawonso anatsekeredwa.

Boma la ku London linatumiza woweruza wina, dzina lake Patrick Devlin, pamodzi ndi anzake atatu, kuti adzafufuze zimene zinacitika. Iye anali Mngerezi, wotumidwa ndi boma la Angerezi. Komabe anayenda m'dziko, namva mboni za mbali zonse, ngakhale za anthu amene anali m'ndende. M'mwezi wa Julayi 1959 anatulutsa lipoti lonena kuti sanapeze umboni wokwanira wa ciwembu copha azungu, ndi kuti dzikolo linkayendetsedwa ndi mphamvu za apolisi. Amene anamutuma anakhumudwa nakana zambiri za m'lipotimo, koma anthu a m'Nyasaland anaona ndi maso ao kuti woweruza angathe kunena zoona zopweteka womutuma. Sungani nkhani imeneyi mumtima, pakuti idzatithandiza kuyesa oweruza ena amene tikumane nao kutsogoloku.

A Chirwa anatulutsidwa caka comweco. Popeza cipani ca Congress cinali citaletsedwa, pa 30 Seputembala 1959 iwo pamodzi ndi Aleke Banda ndi anzao ena anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo a Chirwa ndiwo anali mtsogoleri wake woyamba. Dr Banda atatuluka m'ndende mu Epulo 1960, a Chirwa anawasiyira mpando mwaufulu.

3. Nduna yoyang'anira makhoti

Cipanico cinapambana pa cisankho ca 1961. A Chirwa anapatsidwa nchito mu unduna wa za cilungamo, ndipo m'caka ca 1963 anakhala nduna yeniyeni ndi mkulu wa maloya a boma. Tsopano amene kale ankadandaula za makhoti a atsamunda anali ndi mphamvu yowakonza.

M'caka ca 1962 panakhazikitsidwa lamulo latsopano la makhoti a m'madera, ndipo a Chirwa ndiwo analitsogolera. Mafumu ambiri anali atataya ulemu pamaso pa anthu cifukwa cogwirizana ndi atsamunda, makamaka pokakamiza malamulo a zaulimi. Lamulolo linacotsa nchito yoweruza m'manja mwao niiika m'manja mwa apampando osankhidwa ndi boma. Colinga cinali cabwino, cakuti wolamula asakhalenso woweruza. Koma ambiri mwa apampando atsopanowo anali anthu a cipani colamula. Ndipo cakumapeto kwa 1963 ndi kumayambiriro kwa 1964, cisankho cina cikuyandikira, anthu a zipani zina ndi a Mboni za Yehova anamenyedwa, nyumba zao zinatenthedwa, ena anaphedwa kumene. Milandu yambiri yotere sinafike pa ciweruzo. Bwanamkubwa Glyn Jones ndi mkulu wa oweruza anadzudzula a Chirwa pa zimenezi.

Apa pali cinthu cofunika kucilingalira bwino. Munthu akakhala ku mbali yopambana, khoti lomvera mbali yakeyo limaoneka lokoma. Omenyedwa aja anali ocepa, osakondedwa ndi khamu, ndipo kulira kwao sikunamveke m'cimwemwe ca ufulu umene unkayandikira. Koma akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

4. Kuthawa kwao, ndi makhoti atsopano

Malawi analandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasanathe miyezi iwiri nduna zambiri zinasemphana maganizo ndi Dr Banda. Zinadandaula za ndalama ya tiki imene odwala ankauzidwa kulipira ku cipatala, za kucedwa kupereka maudindo kwa anthu akuda, za ubwenzi wa Dr Banda ndi Apwitikizi amene ankalamulabe dziko lathu lino, ndi za mtima wofuna kulamula zonse yekha. Mu Seputembala 1964 a Chirwa anacotsedwa pa unduna pamodzi ndi Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi, ndipo nduna zina zinatula pansi maudindo. Moyo wao utakhala pa ngozi, a Chirwa anathawira ku Tanzania. Kumeneko anakhala zaka zambiri akugwira nchito ya malamulo, ndipo anayambitsa gulu lotsutsa boma la Dr Banda lotchedwa Malawi Freedom Movement. Mai Vera pambuyo pake ankaphunzitsa malamulo pa yunivesite ya ku Lusaka.

Iwo ali kunja, makhoti a kwao anasinthidwanso. Kuyambira 1968 mpaka 1970 anthu osacepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zao ku Chilobwe ndi m'madera ena a mzinda wa Blantyre. Mantha anagwira anthu, ndipo mphekesera inafala yakuti boma lomwe ndilo likutenga magazi a anthu kuti libwezere ngongole ku South Africa. Apolisi anagwira anthu ena, koma khoti lalikulu la High Court linawamasula poona kuti umboni unali wosakwanira. Dr Banda anakwiya, nanena kuti malamulo a Angerezi amapulumutsa zigawenga. M'caka ca 1969 nyumba ya malamulo inasintha makhoti a m'madera aja kukhala makhoti a miyambo. Panakhazikitsidwa khoti lalikulu la miyambo m'cigawo ciliconse ca zigawo zitatu za dziko, ndi lina la apilo pamwamba pao. Makhoti amenewa anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu yakupha, ndipo pambuyo pake ngakhale mlandu woukira boma, ndi kulamula kuti munthu anyongedwe. Oweruza a ku High Court, amene pa nthawiyo anali azungu a ku Britain, anatula pansi maudindo ao posagwirizana nazo.

Ambiri mwa okhala pa mipando ya makhoti amenewa anali mafumu, ndipo onse ankasankhidwa ndi kucotsedwa mwa kufuna kwa Pulezidenti. Woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Kuitana mboni zake kunkadalira cifuniro ca khoti. Ciweruzo cikaperekedwa, njira yopita ku High Court inali yotseka.

Inu mumadziwa bwalo la makolo athu, la Angoni ndi la Acewa lomwe. Kodi pa bwalo lenileni munthu amaima yekha? Ai ndithu. Amabwera ndi ankhoswe ake ndi eni mbumba, amene amamulankhulira pamene lilime lake lagwidwa ndi mantha. Wodandaula amafotokoza mpaka mau atamuthera, woyankha nayenso cimodzimodzi. Nduna zimafunsa uku ndi uku, mboni zimaitanidwa ngakhale za kutsidya kwa mtsinje, ndipo mfumu imalankhula pomalizira, itamva zonse. Makhoti a Dr Banda anatenga dzina la miyambo ndi mipando ya mafumu, koma anasiya zimene zimapatsa bwalo la makolo ulemu wake.

Cipatso cake cinaoneka m'caka ca 1977 pa mlandu wa Albert Muwalo Nqumayo, wa ku Ntcheu, kutsidya kwa malire athuwa. Iyeyu anali mlembi wamkulu wa cipani, munthu woopedwa, amene pa nthawi ya mphamvu zake anthu ambiri anatsekeredwa popanda mlandu. Atagwa, anaimbidwa mlandu woukira boma m'khoti la miyambo. Khotilo linalandira ngati umboni kalata yopanda dzina la woilemba, potsamira pa mwambi wakuti pofuka utsi pali moto. Muwalo ananyongedwa caka comweco. Ambiri sanamulire. Koma bwalo limene lapha munthu woipa ndi kalata yopanda mwini lingathenso kupha munthu wosalakwa mwa njira yomweyo.

5. Kugwidwa ndi kuzengedwa mlandu

Pa 24 Disembala 1981, tsiku lokonzekera Khrisimasi, a Chirwa, akazi ao ndi mwana wao wamwamuna anagwidwa ndi apolisi a Malawi kufupi ndi malire a Chipata ndi Mchinji. Boma linati analowa okha m'Malawi mobisa. Iwo anati anabedwa ali m'dziko la Zambia. Anasungidwa miyezi yambiri osaonana ndi abale kapena loya, ndipo mu Julayi 1982 mlandu wao unayamba ku Blantyre, m'khoti la miyambo la cigawo cakumwera. Mlandu wake unali wofuna kugwetsa boma.

Taonani tsono: nduna yakale ya za cilungamo ndi mkazi wake, onse awiri maloya, akuimirira pamaso pa khoti limene linaphuka pa tsinde la makhoti a 1962 aja. Sanaloledwe kukhala ndi loya wowaimira, cotero anadziyankhira okha. Anatsutsa kuti khotilo linalibe mphamvu pa anthu ogwidwa m'dziko lina. Anafunsa mboni za boma mafunso mwaluso, naonetsa pamene umboni unali wofooka. Anapempha kuitana mboni zao zokhala kunja kwa dziko, koma khoti linakana. Mu Meyi 1983 onse awiri anaweruzidwa kuti anyongedwe.

Anacita apilo ku khoti lalikulu la miyambo. Mu Febuluwale 1984 khotilo linavomereza kuti pozenga mlanduwo panali zolakwika zambiri, komabe linasiya cilango ca imfa monga cinaliri. Kodi simukumbukira Pilato, amene anaona kuti Ambuye Yesu alibe cifukwa, koma anawapereka ndithu poopa kutaya mpando wake? Woweruza amene mpando wake uli m'manja mwa wodandaula amaweruza ndi diso limodzi pa mlandu, lina pa mpandowo.

Anthu a m'maiko ambiri anadandaula. Bungwe la Amnesty International linawatchula kuti ndi akaidi omangidwa cifukwa ca maganizo ao, mpingo wa Church of Scotland unawapepesera, ndipo maboma ena analembera Dr Banda. Mu Juni 1984 cilango cinasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Mwana wao anatulutsidwa caka comweco, atakhala m'ndende zaka ziwiri popanda kuimbidwa mlandu uliwonse.

6. Ndende ndi imfa

A Chirwa anasungidwa m'ndende ya Zomba. Anakhala nthawi yaitali m'cipinda ca okha, nthawi zina ali m'maunyolo, cakudya cili cosakwanira, mankhwala osowa. Akazi ao anali m'ndende yomweyo, ku mbali ya akazi, koma zaka zisanu ndi zitatu zinatha osaonana. Zaka zimenezo ndi zomwe ambiri a kuno ku Angónia anathawa nkhondo nakakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Amene anakhalako angakuuzeni kuti dzina la Chirwa silinkatchulidwa mokweza pamsika kapena m'basi. Anthu ankapitabe ku makhoti pa milandu ya mbuzi ndi ya maukwati, koma aliyense ankadziwa mumtima kuti mlandu umene boma lili nao cidwi watha kale usanayambe.

Pa 8 Marici 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'Malawi munawerengedwa kalata ya Aepiskopi. Mwa zina, kalatayo inadandaula za anthu otsekeredwa zaka zambiri osazengedwa mlandu, niikumbutsa kuti makhoti ayenera kukhala oima paokha, osalamulidwa ndi andale, ndi kuti munthu ayesedwe wosalakwa kufikira mlandu wake utatsimikizika. Aepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, boma linaletsa kalatayo, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Koma mau anali atatuluka kale, ndipo anthu anayamba kulankhula poyera zimene kale ankanong'onezana.

Mu Seputembala 1992 gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kulowa m'ndende ya Zomba. Pa tsiku limenelo a Chirwa ndi akazi ao anaonana. Bamboyo anali atafooka, makutu atagontha, maso atacita ng'ala. Pa 20 Okutobala 1992 anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73, atakhala womangidwa pafupifupi zaka 11. Panali patangopita masiku 16 cisainidwire mtendere wa dziko lathu ku Roma, pa 4 Okutobala. Mai Vera anatulutsidwa pa 24 Januwale 1993.

7. Zimene zinatsatira

Mlandu suola. Pa 14 Juni 1993 anthu a ku Malawi anavota kuti akufuna zipani zambiri, ndipo caka comweco makhoti akuluakulu a miyambo anaimitsidwa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 ananena kuti makhoti ndi oima paokha, kuti woweruza sangacotsedwe mwa kufuna kwa munthu mmodzi, ndi kuti woimbidwa mlandu ali ndi ufulu wokhala ndi loya ndi woitana mboni. Bungwe loona za ufulu wa anthu mu Afrika linapenda mlandu wa a Chirwa nilipeza kuti sunazengedwe mwacilungamo. Patapita zaka, Mai Vera anasankhidwa kukhala mmodzi wa akuluakulu a bungwe lomwelo.

Cikhulupiriro ca anthu cimamera pang'onopang'ono ngati mtengo wa mbawa, ndipo madandaulo a ziphuphu ndi a kucedwa kwa milandu sanathe. Komabe pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a ku Malawi anathetsa zotsatira za cisankho ca Pulezidenti ca mu Meyi 2019, atapeza kuti mapepala ambiri a zotsatira anafufutidwa ndi kusinthidwa. Panali anthu amene anayesa kuwapatsa ziphuphu, koma oweruzawo anaulula. Khoti la apilo linavomereza ciweruzo cao, cisankho cinacitikanso pa 23 Juni 2020, ndipo amene anali pampando anagonja nacoka. Anthu amene anakhala miyezi yambiri akuyenda m'miseu mokwiya anabwerera ku nyumba zao, cifukwa anaona kuti bwalo lawamva. M'dziko lomwelo m'mene loya woyamba anafera m'ndende, oweruza anatha kuuza wolamula kuti walakwa.

8. Nanga kwathu kuno?

Dziko lathu la Mozambique nalonso layenda ulendo wake. Titalandira ufulu pa 25 Juni 1975, lamulo la 1978 linakhazikitsa makhoti a anthu m'midzi ndi m'maboma. M'caka ca 1979 kunabwera khoti la asilikali lokhala ndi mphamvu yolamula imfa, ndipo mu 1983 kunabwera lamulo lokwapula olakwa poyera, limene linathetsedwa mu 1989. Malamulo oyendetsera dziko a 1990 anathetsa cilango ca imfa nalekanitsa makhoti ndi cipani. Lamulo la 1992 linakhazikitsa makhoti a m'midzi, amene nchito yao ndi kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Iwo alibe mphamvu yoika munthu m'ndende, ndipo wosakhutira angathe kupita nao mlandu ku khoti la boma, monga la ku Ulongwe. Mu 1994 boma linakhazikitsanso bungwe la IPAJ, lothandiza pa milandu anthu osauka amene sangathe kulipira loya. Zimenezi muzidziwe, ndipo muwauze amasiye ndi okalamba a m'mudzi mwanu.

Koma malamulo olembedwa sayenda okha. Ena mwa inu mudzakhala mboni, ena ankhoswe, ena nduna za mfumu, ena akuluakulu a mphakati oyanjanitsa mabanja. Bwalo la mawa ndinu. Mbiri ya a Chirwa ikuphunzitseni zinthu izi.

Coyamba, musaweruze munthu musanamumve, ngakhale mudzi wonse utamuda. Kumbukirani Susana wa m'buku la Danieli. Akuluakulu awiri olemekezeka anamunamizira, khamu linakhulupirira, ndipo ankapita naye kokamupha. Mnyamata Danieli anaimitsa anthu, nalekanitsa mboni ziwirizo, nafunsa aliyense payekha za mtengo umene ankati anamuonera pansi pake. Mayankho ao anasiyana, ndipo mkazi wosalakwa anapulumuka. Kufunsa mboni mafunso ndi nchito yopulumutsa moyo.

Caciwiri, mphekesera si umboni. Utsi ungathe kufuka pamene mdani waponya yekha cikuni. Nkhalamba zambiri zathamangitsidwa m'midzi pa mlandu wa ufiti wopanda mboni, ndipo anyamata ena aphedwa ndi khamu cifukwa wina anangofuula kuti wakuba. Khamu lotere limati makhoti ndi ocedwa ndi okonda ndalama. Nthawi zina dandaulo limeneli ndi loona. Koma moto ndi miyala sizifunsa mafunso, ndipo wophedwa molakwika sabweranso kudzacita apilo.

Cacitatu, musakondwere pamene bwalo lakhotera ku mbali yanu. Mukapereka nkhuku kapena ndalama mobisa kuti mupambane mlandu wa dimba, mwaphunzitsa woweruzayo kugulitsa ciweruzo, ndipo mawa adzacigulitsa kwa wolemera kuposa inu. A Chirwa sanapange okha makhoti amene anawaweruza, koma pa masiku a mphamvu zao analola kuti makhoti ayandikane ndi cipani, ndipo ena anadzapitiriza njirayo mpaka pamene iwo sanaganizire. Nthawi yotetezera bwalo ndi pamene likuweruza mdani wanu.

Cacinai, mukapatsidwa mpando woweruza, muziopa Mulungu koposa munthu amene anakuikanipo. Devlin anatumidwa ndi boma lake, koma ananena zimene anapeza, ndipo dzina lake likukumbukika ndi ulemu. Oweruza a m'caka ca 1984 anaona zolakwika ndi maso ao, nazilemba, koma anasiya cilango ca imfa. Anthu amakhulupirira bwalo akaona kuti wamphamvu angathe kugonja m'menemo, ndi kuti wosauka angathe kutulukamo atapambana.

Tiwakumbukire Orton Chirwa monga munthu amene anatsegulira anthu a mtundu wake khomo la malamulo, amene anapunthwa pa nthawi ya ulamuliro, ndi amene anapirira zaka zambiri m'ndende osagonjera bodza. Tipempherere onse oweruza milandu, kuyambira kwa nyakwawa ya m'mudzi mpaka ku makhoti akuluakulu a ku Tete ndi ku Maputo, ndiponso akaidi amene akudikira tsiku la mlandu wao.

Mafunso okambirana

1. Kodi lamulo lacisanu ndi citatu limakhudza anthu ati pa bwalo la milandu?
2. Cifukwa ciani anthu a m'Nyasaland analemekeza lipoti la Devlin, ngakhale iye anali Mngerezi?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene makhoti a miyambo a 1969 anasiyana nalo bwalo la makolo athu.
4. Kodi a Chirwa analakwitsa ciani pamene anali nduna, ndipo mwambi uti ukugwirizana ndi zimenezi?
5. M'mudzi mwanu, kodi mkazi wamasiye wolandidwa munda angapite kuti, ndipo ndani angamuperekeze?
6. Mukamva khamu likufuula kuti wakuba kapena mfiti, Mkhristu ayenera kucita ciani?